Rock muyambire ku Kitwe, London idikire kaye

Achemwali ena a ku Chibavi anditumizira imelo, ndipo ndaona kuti ndiyankhire pano poti funso lawo ena amandifunsanso chamseri. Akuti mchimwene wawo wamkulu, popita kukasaka ganyu ku Johannesburg, anawasiyira memory card yodzadza ndi nyimbo za rock, zina m'mafoda olembedwa indie, zina alternative. Ayesa kumvera koma zambiri akungomva phokoso. Anzawo a kwaya akuti zimenezo ndi nyimbo za azungu, ena akuti n'za satana. Ndiye akufunsa kuti ayambire pati, zimbale zomwe ine ndimazikonda ndi ziti, nanga ndimamvamo chiyani chomwe iwo sakuchimva.

Achemwali, zikomo polemba. Khutu lanu lilibe vuto. Munthu amene anakula akumva gitala ya Daniel Kachamba, banjo ya Allan Namoko ndi sungura ya m'minibasi ali nazo kale zonse zofunika kuti amve rock. Chomwe chavuta ndi khomo lomwe mwalowera. Mwayambira kutali, pomwe nyimbo zimenezi zilipo zomwe zinaphikidwa pafupi ndi ife, m'chilankhulo chomwe mukuchimva.

Za anzanu a kwayawo ndiyankhiretu, chifukwa ndikuona kuti ndi zomwe zikukulemetsani mtima. Rock inabadwira ku America m'zaka za m'ma 1950, ndipo amene anaiyambitsa makamaka anali anthu akuda: Chuck Berry, Little Richard, Bo Diddley. Iwowa asanatchuke kunali mayi wina, Sister Rosetta Tharpe, woyimba nyimbo zauzimu yemwe anakulira mu mpingo wa Church of God in Christ. Mayiyu ankaliza gitala yamagetsi mwaukali akuyimbira Mulungu, ndipo anyamata amene pambuyo pake anatchedwa mafumu a rock anaphunzira zambiri kwa iye. Sindikana kuti alipo magulu, makamaka ena a heavy metal, omwe amajambula ziwanda pa zikuto za zimbale zawo. Ngati amenewo sakukusangalatsani, asiyeni, palibe chomwe mutaye. Koma zimbale zomwe ndikuuzeni pano zimanena za maliro, kusungulumwa, ndalama, chikondi chovuta ndi mkwiyo wa achinyamata, nkhani zomwenso alaliki amazigwira Lamulungu lililonse.

Mayina a mafodawo asakuvutitseni kwambiri. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi m'ma 1980, oyimba omwe makampani akuluakulu sankawafuna ankatulutsa nyimbo kudzera m'timakampani todziyimira patokha: Rough Trade ku London, Factory ku Manchester, 4AD, Sub Pop ku Seattle. Ndalama zinali zochepa, situdiyo zinali zotchipa, koma panalibe bwana wouza woyimba kuti nyimbo ifupikitsidwe kapena mawu asalale. Kumeneko ndi kumene kunachokera indie. Alternative inali rock yomwe mawayilesi akuluakulu sankaiulutsa, imangomveka pa timawayilesi ta ophunzira a m'mayunivesite. Pofika 1991 zinthu zinasakanikirana, magulu a alternative anayamba kugulitsa zimbale mamiliyoni, ndipo lero gulu limatha kutchedwa indie lili pansi pa kampani yayikulu. Mchimwene wanu poika nyimbo m'mafoda anachita mmene anaonera iye, inu musamangike nazo.

Tsono yambirani ku Zambia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndalama za mkuwa zikadayenda ku Copperbelt, anyamata a m'makomboni a migodi ankamvera Jimi Hendrix, Rolling Stones, Deep Purple ndi James Brown, n'kupeza magitala, n'kuyamba kupeka zawozawo. Pulezidenti Kenneth Kaunda atalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wayilesi zikhale za m'dzikomo, magulu anachulukirachulukira. Nyimbo zawo lero dziko lonse limazidziwa ndi dzina loti Zamrock.

Chimbale choyamba chomwe ndikukupemphani kuti mumvere ndi Africa cha gulu la Amanaz la ku Kitwe, chomwe chinatuluka mu 1975. Ndi chokhacho chomwe gululi linatulutsa. Mbali yaikulu n'chofatsa, chosathamanga, ndipo oyimba ake amamveka ngati anthu otopa amene akufunabe kukuuzani zakukhosi asanagone. Gitala imalira mokanda, mawu ake atathothoka dala ndi kachipangizo kotchedwa fuzz, koma pansi pake ng'oma ndi besi zikuyenda mayendedwe omwe thupi lanu likuwadziwa kale. Nyimbo zina zili m'Chingelezi, zina m'Chibemba. Mukafika pa Khala My Friend, yodandaulira bwenzi, mumvetsere mmene gitala imalowera mochedwa, osadzionetsera, kenako n'kutenga dandaulo lonse kulichotsa pakamwa pa woyimba. Ine nyimbo imeneyi imandikhudza kuposa nyimbo zambiri zotchuka za ku England, ndipo sindinena izi pofuna kukometsa aneba athu. Anajambula ndi zipangizo zochepa, zina zimamveka kuti zinali zotha, koma palibe chomwe ndingafune kuti chikonzedwe.

Mukachoka pamenepo mupite ku Lusaka kwa Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family. Dzina lake lenileni linali Paul Nyirongo, ndipo woyimba ng'oma wake anali Chrissy Zebby Tembo, mayina oti mutawaitana mokweza pa depoti ya Mzuzu anthu angapo angatembenuke. Zimbale zawo ziwiri, Day of Judgement cha 1976 ndi 45,000 Volts cha 1977, ndiye zili ndi phokoso lenileni. Gitala ya Ngozi ndi yolemera, yamwano, yobwerezabwereza kachidutswa kamodzi mpaka kakukhazikike m'mutu. Koma pamwamba pa phokosolo munthuyu akuyimba, mwa zina, m'Chinyanja cha ku Lusaka, nkhani za m'komboni, za anthu ovuta kukhala nawo. Apa ndi pamene ndikufuna khutu lanu litseguke. Mukamva mawu oti mukuwamva akutsagana ndi gitala yokanda, mudzazindikira kuti kukandako nakonso kukulankhula, kukunena mkwiyo womwe mawu okha sangaukwanitse. Mukazindikira zimenezi kamodzi, rock ina yonse imayamba kumveka. Mu 2024 woyimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga chidutswa cha nyimbo yawo ya Nizakupanga Ngozi n'kumangirapo nyimbo yake, achinyamata a kunja n'kuyamba kufufuza kuti Ngozi ameneyu ndani, pomwe ife a pafupi ambiri sitinamumvepo.

Gulu lotchuka kwambiri pa onse linali WITCH, nalonso la ku Kitwe, lotsogozedwa ndi Emmanuel Chanda yemwe anthu anamupatsa dzina loti Jagari potengera Mick Jagger. Chimbale chawo cha Lazy Bones!! cha 1975 n'chovinika, ndipo ndi chomwe mungaike pa sipika anzanu atabwera kudzacheza. Mathero a nyengo imeneyi ndi omvetsa chisoni. Mtengo wa mkuwa unagwa, boma linaika malamulo oletsa kuyenda usiku, disco inalanda malo ovinira, kenako Edzi inatenga oyimba ambiri. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Jagari anakhala mphunzitsi, pambuyo pake n'kumakumba miyala ya mtengo wapatali. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles ndi yomwe inafukula zimbalezi n'kuzitulutsanso, ndipo WITCH inadzukanso mpaka kutulutsa chimbale chatsopano, Zango, mu 2023. Chimandiwawa n'choti zinatengera anthu a kutsidya kwa nyanja kuti nyimbo za pamphuno pathu zitifikire.

Ndisanapitirire, kamvedwe kake. Oyimba amenewa ankapanga chimbale ngati chinthu chimodzi, nyimbo yoyamba ikukonzera njira yachiwiri, yomaliza ikutseka. Pa memory card nyimbo zimasokonekera, foni imazisanja motsatira zilembo kapena kuzisakaniza ndi zina. Fufuzani pa intaneti mndandanda weniweni wa nyimbo za chimbale chilichonse, muzisanje, mumvere kuyambira koyamba mpaka kumapeto osadumpha. Zambiri sizifika ola limodzi. Ndipo chonde musamvere pa sipika ya foni, chifukwa imameza besi yonse n'kukusiyirani zokanda zokhazokha, mwina n'chifukwa chake mukungomva phokoso. Mahedifoni wamba a mumsika akwanira. Chimbale chikakukanani ulendo woyamba, chipatseni masiku, mudzachiyesenso madzulo ena kukuzizira, chifunga chitatsika, mulibe kothamangira.

Kuchoka ku Zambia, mlatho wabwino wopitira kunja ndi Remain in Light cha Talking Heads, gulu la ku New York, cha 1980. Iwowa ndi Brian Eno, yemwe anawathandiza kujambula, anali atamvera kwambiri Fela Kuti wa ku Nigeria, ndipo sanabise. Anasiya kapekedwe kozolowereka koti nyimbo izisinthasintha makodi, n'kumanga nyimbo yonse pa kodi imodzi, chida chilichonse chikubwereza kachidutswa kake, tizidutswato tikulukana. Aliyense amene anaimapo pafupi ndi ng'oma za vimbuza kapena za gule wamkulu akudziwa mmene zimenezi zimagwirira ntchito: palibe ng'oma yomwe payokha ikuchita zodabwitsa, mphamvu ili pa kulumikizana kwake. Mumvetsere besi ya Tina Weymouth, mayi amene wanyamula chimbale chonsechi. Pamwamba pake David Byrne amalankhula ngati mlaliki wosokonezeka, akufunsa mmene anafikira pa moyo womwe ali nawo. Nyimbo zitatu zoyambirira zimathamanga osapuma, kenako chimbale chimayamba kuzizira pang'onopang'ono mpaka yomaliza imakhala ya mdima ndithu.

Pali funso lomwe limabwera pa chimbale chimenechi, loti kodi kumeneku n'kuphunzira kapena kuba. Ine ndimaona kuti anaphunzira moona mtima, anatchula kumene anatenga, ndipo anapanga chinthu chomwe Fela sakanapanga. Yankho lokoma kwambiri linachokera kwa Angélique Kidjo wa ku Benin, yemwe mu 2018 anajambulanso chimbale chonsecho, Tony Allen, woyimba ng'oma wa Fela, akuthandizapo. Mumvere zonse ziwiri motsatizana. Cha Talking Heads chili ndi mantha, cha Kidjo chili ndi chimwemwe, koma nyimbo zake ndi zomwezo.

The Smiths a ku Manchester ndiwatchule mwachidule. Anakhalapo kuyambira 1982 mpaka 1987, pansi pa Rough Trade, ndipo chimbale chawo chomwe ambiri amachitama ndi The Queen Is Dead cha 1986. Ine ndimawamvera chifukwa cha gitala ya Johnny Marr, yowala, yothamanga, yosakanda, yomwe nthawi zina imandikumbutsa magitala a ku Zimbabwe. Si zodabwitsa kuti omvera a ku Britain a nthawi yomweyo anawalandira ndi manja awiri a Bhundu Boys, John Peel atayamba kuwaulutsa pa BBC. Woyimba wa The Smiths, Morrissey, ali ndi mawu odandaula omwe ena amawakonda kwambiri, ena sawapirira. Zomwe wakhala akuyankhula pa ndale m'zaka zapitazi sindigwirizana nazo, ndipo zandichepetsera chikondi pa nyimbo zake.

Tsopano tifike pa phokoso la ku America lomwe ndikukhulupirira kuti ladzadza pa khadi yanuyo. Mosakayika muli Nevermind cha Nirvana. Musayambe ndi chimenecho. Yambani ndi Doolittle cha Pixies a ku Boston, cha 1989, nyimbo 15 zosakwana mphindi 40 zonse pamodzi. Chinsinsi chawo n'chapafupi: vesi imayenda chamunsi, besi ya Kim Deal ndi ng'oma zokha, kenako kolasi imaphulika, Black Francis akukuwa ngati wapsa ndi moto, kenako zii, abwereranso pansi. Mukadziwa kuti kuphulikako kukubwera, mumayamba kukudikira, ndipo kudikirako ndiye kukoma kwake. Chomwe chimandigwira kwambiri ndi mawu a Kim Deal, ofewa, odekha, akuyankha kukuwa kwa mnzakeyo ngati munthu amene sakutekeseka. Poti ndinu wa kwaya ndikuchenjezeni: mawu a nyimbo zina ndi achiwawa, ndipo zina anazitenga m'Chipangano Chakale, nkhani ya Samisoni ndi Delila, ya Davide ndi Bateseba, osazikometsa. Chimbalechi ndimachikonda kuposa china chilichonse cha ku America chomwe ndatchula pano, chifukwa palibe nyimbo yomwe imakhalitsa kuposa mmene iyenera.

Kurt Cobain wa Nirvana anavomera yekha kuti kapekedwe kameneka anatengera kwa Pixies. Chimbale choyamba cha Nirvana, Bleach cha 1989, anachijambula ndi ndalama zongopitirira pang'ono madola 600 pansi pa Sub Pop. Nevermind chinatuluka mu Seputembala 1991 pansi pa kampani yayikulu, ndipo mu Januwale 1992 chinachotsa Dangerous cha Michael Jackson pa nambala 1 ku America. N'chimbale chabwino, ng'oma za Dave Grohl zimagunda pachifuwa, ndipo pansi pa phokosolo pali nyimbo zoti mwana angaziyimbe. Koma kwa ine anachisalaza kwambiri. Mukafuna kumumva Cobain weniweni, mumvere MTV Unplugged in New York, chomwe anajambula mu Novembala 1993 ndi magitala osakanda. Pamenepo mawu ake alibe pobisala, amasweka, ndipo mumamva kuti munthuyu akuvutika. Anadzipha mu Epulo 1994 ali ndi zaka 27, atalimbana nthawi yaitali ndi mankhwala osokoneza bongo. Sindigwirizana ndi anthu amene amatenga imfa yakeyo ngati chokongoletsa nyimbo zake. Anasiya mwana wamng'ono, ndipo nyimbo zomwe akanapeka ali ndi zaka 40 sitidzazimva.

Radiohead a ku Oxfordshire ndi gulu lomwe okonda nyimbozi amalilemekeza kwambiri, ndipo mudzauzidwa kuti OK Computer cha 1997 ndiye chimbale choposa zonse. Ine sindichiika pamwamba pa zonse, koma ndimachipatsa ulemu waukulu. Ali ndi oyimba gitala atatu, ndipo m'malo moti onse azilira limodzi, aliyense amatenga ngodya yake, wina akulira ngati belu, wina ngati makina owonongeka. Thom Yorke amayimba za munthu wozunguliridwa ndi magalimoto, ndege, malonda ndi makompyuta, ali yekhayekha pakati pa khamu. Mu 1997 kuno zimenezi zikanamveka ngati mavuto a anthu okhuta. Lero kwerani minibasi ya ku Ekwendeni muone mmene aliyense wagwadira foni yake, mudzamva kuti chimbalechi chikutinena nafenso. Komabe n'chozizira, ndipo munthu amene mtima wake uli kale pansi sindingamulangize kuti achimvere yekha usiku. Inu yambani ndi In Rainbows cha 2007, chomwe anachitulutsa okha pa intaneti n'kuuza anthu kuti alipire ndalama iliyonse yomwe angafune. Chimenechi n'chofunda, ng'oma zake zimavinitsa, ndipo Yorke amayimba za chikondi ngati munthu wamkulu amene wadziwa kuti chikondi chimatha kutha. Kid A cha 2000 chisiyeni kaye, chimenecho chimafuna khutu lozolowera.

Chomwe ndikuganiza kuti chikugwirani msanga, inu wa kwaya, ndi Funeral cha Arcade Fire a ku Montreal, cha 2004. Anachitcha dzina limeneli chifukwa pa nthawi yomwe ankachikonza, angapo mwa iwo anataya abale awo. Muli mavayolini, akodiyoni, piyano, ndi anthu ambiri oyimbira limodzi mokweza, ena mawu awo osakhala bwino kwenikweni. Mukudziwa mmene zimakhalira pa siwa usiku, pamene anthu alira mpaka kutopa, wina n'kuyambitsa nyimbo, onse n'kulowa, ndipo kwa kanthawi chisoni chimasanduka mphamvu. Chimbalechi chimachita zimenezo. Win Butler amayimba ngati akuthamangitsidwa, koma nyimbo zomwe zimandikhalira ndi za Régine Chassagne, yemwe makolo ake anathawa ku Haiti mu ulamuliro wa Duvalier. Nyimbo yomaliza amaiyimba iye, ikuyamba chamunsi, n'kumakwera mpaka mawu ake atsala pang'ono kuduka. Zimbale zawo za pambuyo pake zinakula, zinapambana mphoto, koma palibe chomwe chinandifika pamtima ngati choyambachi.

Ndikudziwa kuti pa khadi yanu simungalephere kukhala Vampire Weekend, chimbale choyamba cha gulu la dzina lomwelo, cha 2008. Anali anyamata anayi ophunzira pa Columbia University ku New York omwe anatenga gitala yowala ya ku Congo n'kuiphatikiza ndi nyimbo zonena za moyo wa ana a anthu olemera. N'chokoma kumva, chopepuka, ndipo mudzachikonda tsiku loyamba. Ine ndimachimvera ndi mtima iwiri. Ndikafuna gitala ya mtundu umenewo ndimapita kwa Diblo Dibala akuliza kumbuyo kwa Kanda Bongo Man, komwe ili ndi moto wake wonse. Koma gululi limatifikitsa pa nkhani yomwe aliyense wa mu Mzuzu ayenera kuidziwa.

Esau Mwamwaya anabadwira mu mzinda uno, anakulira ku Lilongwe komwe ankayimba ng'oma, ndipo mu 1999 anapita ku London. Kumeneko ankagulitsa katundu wakale mu kashopu kake, mpaka tsiku lina munalowa Etienne Tron, mmodzi wa anyamata awiri opanga nyimbo otchedwa Radioclit, kudzagula njinga. Ubwenzi umenewo unabala gulu la The Very Best. Mu 2008 anatulutsa nyimbo zaulere pa intaneti, Esau akuyimba m'Chichewa pamwamba pa nyimbo za oyimba a indie, kuphatikizapo ya Vampire Weekend, ndipo olemba za nyimbo ku America ndi ku Britain anazitama kwambiri. Mu 2009 kunabwera chimbale cha Warm Heart of Africa, momwe Ezra Koenig wa Vampire Weekend ndi M.I.A. anabwera ngati alendo. Si rock yeniyeni, magitala ndi ochepa, zambiri n'zapakompyuta. Koma mawu a Esau, otambasuka, owala, odziunjikiza okha mpaka kumveka ngati kwaya yathunthu, anamveka m'malo omwe Chichewa chinali chisanamvekepo. Anzanu akadzanenanso kuti za indie n'za azungu, muwaikire chimenechi, muwauze kuti woyimbayo ndi mwana wa pano.

Wina woti musamuphonye ndi Mdou Moctar wa ku Niger, amene kwa ine ndi woliza gitala wamphamvu kwambiri mwa omwe akujambula masiku ano. Gitala yake yoyamba anaipanga yekha, nsambo zake zinali mawaya a mabuleki a njinga, ndipo nyimbo zake zoyamba zinafala m'chipululu kudzera pa ma memory card ndi Bluetooth, njira yomweyo yomwe nyimbo za mchimwene wanu zakufikirani. Chimbale chake cha Afrique Victime cha 2021 chinatuluka pansi pa Matador, imodzi mwa makampani odziwika a indie ku America. Amayimba kwambiri m'chilankhulo cha Atuareg, ndipo nyimbo yomwe yapereka dzina la chimbalechi imayamba pang'onopang'ono, n'kumathamanga, n'kumathamanga, mpaka gitala imamveka ngati ikung'ambika. Kuno kwathu mtima womwewo ndimaumva mwa Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi babatoni wake wa nsambo imodzi, komanso mwa Madalitso Band omwe anayambira m'misewu ya Lilongwe, ndipo zimbale zawo Wasalala ndi Musakayike zinatuluka pansi pa kampani yaing'ono ya Bongo Joe ya ku Geneva. Zida zodzipangira, nyimbo zawozawo, osadikira chilolezo cha munthu. Wina atandifunsa kuti indie ya ku Malawi ili kuti, ndingamulozere kumeneko ndisanamulozere kwa aliyense wovala jekete lachikopa.

Mwina mukudandaula kuti Chingelezi cha oyimbawa sichimveka. Musadandaule, ngakhale eni chilankhulocho ambiri samva zomwe Cobain kapena Yorke akunena. Mumvere kaye mmene mawuwo akutulukira, ngati akunjenjemera, akukalipa kapena akunong'ona, mawu enieniwo mudzawawerenga pambuyo mukaikonda nyimboyo. Ngati bandulo ili yochepa ndipo za ku Zambia pa khadipo palibe, Africa cha Amanaz ndi 45,000 Volts ndi zomwe muyambe kutsitsa. Mukamaliza Doolittle mundilemberenso mundiuze mmene mwaimvera besi ya Kim Deal, ndipo munditumizire mayina a mafoda ena omwe mchimwene wanu anasiya. Ngati muli PJ Harvey kapena Joy Division, amenewo afunika kalata yawoyawo.